Nyumba ya bwana ndi katchalitchi ka matenanti: zatsala m'manja mwa yani?

Msewu wochoka pa Chinkhoma kudzera kwa Santhe ndi ku Kapiri kukatulukira pa Kamwendo umadutsa m'dziko la fodya. Mukapatuka n'kulowa m'tinjira ta fumbi, zizindikiro za esiteti yakale sizisowa: mzere wa mabulugama akuluakulu, mabalani a njerwa amene madenga ake anapita kalekale, thanki ya madzi yadzimbiri, kenaka nyumba yaikulu ya khonde lotambalala imene anthu a m'deralo amaitchulabe kuti kwa bwana, ngakhale papita zaka osagonamo bwana aliyense. Chapatali pang'ono, kufupi ndi kumene kunali misasa ya antchito, pamakhala katchalitchi. Nthawi zambiri nyumba yaikuluyo mumaipeza itang'aluka, mileme ili yakaliyakali m'siling'i, pamene bwalo la katchalitchiko ndi losesedwa, mizere ya tsache ikuoneka.

Njerwa zake n'zofanana, mwina zinapsa mu uvuni umodzi, ndipo amisiri ake akhoza kukhala omwewo. Kuti timvetse chifukwa chimene ina ikugwera ina ili chiimire, tiyenera kuyang'ana mbiri ya fodya, malamulo a malo, ndi funso limodzi losavuta: denga likayamba kudontha, amakwera pamwamba ndani?

Ambiri amaganiza kuti nyumba iliyonse yakale ya pa famu ndi ya nthawi ya atsamunda. Ku Thyolo, Mulanje ndi Zomba zimenezo zikhoza kukhala zoona, popeza azungu anatenga malo ambiri kumeneko chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. M'chigawo chapakati zinayenda mosiyana. Fodya wa m'maesiteti anakhazikika kuno cha m'ma 1920, pamene A.F. Barron ndi R.W. Wallace anayamba kulimitsa ku Lilongwe pogwiritsa ntchito alimi obwera kudzalima pa malo awo n'kuwagulitsa iwo omwewo fodyayo. Utenanti wa kuno unaphuka pamenepo. Mu 1926 boma linakhazikitsa Native Tobacco Board kuti iziyang'anira fodya wa alimi akuda. Komabe maesiteti a azungu ku Kasungu ndi ku Fort Manning, dzina lakale la Mchinji, anali owerengeka.

Nyumba zakaledi m'maboma awiriwa ndi za mishoni. Ansembe a chipani cha White Fathers anatsegula Kachebere mu 1903, ndipo seminale yaikulu inayamba pamalopo mu 1939. Ku Kasungu, mishoni ya Chilanga inayambitsidwa ndi a Livingstonia, kumene Dr George Prentice anagwira ntchito zaka zambiri, isanaperekedwe kwa amishoni a Dutch Reformed a ku Nkhoma m'zaka za m'ma 1920. Mishoni ya masiku amenewo inalinso famu: khola la ng'ombe, dimba, mitengo ya zipatso, uvuni wa njerwa, nyumba ya ukalipentala. Nyumba za pamishoni nazo zasintha ntchito kangapo, ina kukhala ofesi, ina yogona aphunzitsi, ina yosungiramo katundu. Koma sizinasowepo mwini. Mpingo sumwalira n'kusiya ana akukangana za chuma cha masiye.

Nyumba zambiri za m'maesiteti zinamangidwa dziko litalandira kale ufulu. Malamulo awiri ndiwo anatsegula njira. Special Crops Act ya 1963 inati fodya wa burley ndi wa flue-cured (wa m'balani) azilimidwa ndi okhawo amene ali ndi chiphaso, ndipo ziphasozo zinkapita kwa eni esiteti. Land Act ya 1965 inapatsa nduna mphamvu yotenga malo a makolo n'kuwapereka kwa munthu pa lizi, nthawi zambiri ya zaka 21, ina mpaka 99. Dr Kamuzu Banda, mwana wa ku Kasungu komweko, ankalimbikitsa nduna, aphungu ndi akuluakulu a boma kuti atsegule minda, iye mwini natsogolera kudzera m'makampani a Press Farming ndi General Farming. Kunalinso bungwe la Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority, limene linkaphunzitsa Amalawi kulima ndi kuchiza fodya wa m'balani. Ndalama zinkachokera ku mabanki ndi ku phindu limene ADMARC inkapeza pogula mbewu za alimi ang'onoang'ono pa mtengo wotsika. Mu 1979 maesiteti m'dziko muno anali pafupifupi 1,200. Pofika 1989 anali atapitirira 14,000, ngakhale ambiri mwa atsopanowo anali minda ya mabanja amene anangoilembetsa kuti apeze chiphaso cha burley. Amenewo sanamange nyumba za khonde. Zimene tikunena pano ndi za maesiteti akuluakulu a m'ma 1970.

Nyumba ya manijala inali yoposa pogona. Pakhonde pake ndi pamene pankaikidwa tebulo tsiku la malipiro. M'chipinda chimodzi munali sefa ndi mabuku a ngongole, momwe ankalembamo chitini chilichonse cha chimanga, thumba la feteleza ndi khasu zimene tenanti watenga, kuti zidzadulidwe fodya akagulitsidwa ku okushoni. Kapitawo ankabwera pamenepo m'mamawa kudzamva za tsikulo. Milandu ya kuba nkhuni kapena kuzembetsa fodya inkakambidwa pa masitepe omwewo. M'maesiteti ena akuluakulu mamanijala oyamba anali azungu ochokera ku Rhodesia, ndipo mamangidwe ake amaonetsa: khonde lozungulira, mazenera a nsambo zotchinga udzudzu, malo osonkhapo moto m'chipinda chochezera, khitchini ndi nyumba ya wantchito kumbuyo. Mwana wa tenanti ankaidziwa nyumbayo ndi kunja kokha.

Katchalitchi kanabwera mwa njira ina. Esiteti inkasonkhanitsa anthu ochokera kutali, Alhomwe a ku Mulanje ndi Phalombe, Ayao a ku Mangochi ndi Machinga, Angoni a ku Ntcheu ndi Dedza, Atumbuka a ku Mzimba, kuphatikiza Achewa a m'midzi yozungulira. Tchalitchi chachikulu chinali kutali, ndipo nyengo yothyola ndi kusoka fodya munthu sakanayenda ulendo wa tsiku lonse kukapemphera. Tsono ankayamba pansi pa mtengo, kenaka chisakasa cha udzu, kenaka njerwa. Pena mwini esiteti ankapereka malata ndi thirakitala yotutira mchenga, poona kuti antchito okhala ndi tchalitchi ndi sukulu sathawathawa. Pena antchito ankaumba okha njerwa Loweruka masana. Kawirikawiri mipingo inkasinthana nyumba imodzi, a CCAP m'mawa, Akatolika kenaka, ena masana, ndipo mkati mwa sabata munkaphunzira ana. Belu lake nthawi zambiri linali chitsulo cha pulawo kapena limu ya galimoto yopachikidwa pa mtengo.

Choncho kuyambira pachiyambi nyumba ziwirizi zinali ndi eni osiyana, ngakhale zinakhala pa lizi imodzi. Yaikuluyo inali ya bizinesi. Yaing'onoyo inali ya anthu amene ankaigwiritsa ntchito, koma popanda pepala lililonse lonena choncho.

Bizinesiyo inayamba kugwedezeka msanga. Pakati pa 1979 ndi 1981 mitengo ya fodya itatsika ndipo chiwongoladzanja chitakwera, maesiteti ambiri analephera kubweza ngongole, mabanki naikamo oyang'anira awo. Burley anawadzutsanso ena m'zaka za m'ma 1980. Nkhonya yaikulu inabwera mu 1990, pamene alimi ang'onoang'ono analoledwa kuyamba kulima burley pa minda yawo. Munthu amene akanatha kumanga chigafa kuseri kwa nyumba yake, kulowa kalabu n'kutumiza mabelo ake ku okushoni, analibenso chifukwa chokakhalira tenanti. Fodya wa m'balani naye anali ndi vuto lake: amadya nkhuni zambiri, ndipo ngakhale pangano la lizi linkafuna kuti gawo limodzi mwa magawo 10 a malo likhale la mitengo, ambiri anadalira tchire lachilengedwe mpaka linatha. Ndale zitasintha mu 1994, eni ena anataya chitetezo ndi ngongole zofewa zimene ankadalira. Manijala akachoka, nyumba ija inkatsala yopanda ntchito, ndipo nyumba ya kumudzi yopanda ntchito siichedwa.

Chimene chimaimaliza kwenikweni ndi maliro a mwini wake. Ana ali ku Lilongwe, ku Blantyre kapena kunja. Wina akufuna kugulitsa, wina akukana, mayi wamng'ono ali ndi mbali yake, abale a malemu ali ndi yawo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 linaika mkazi ndi ana patsogolo, koma silingakakamize anthu asanu ndi awiri kusonkha ndalama ya malata. Lendi ya malo ku boma imaunjikana, lizi ya zaka 21 imatha popanda woikonzanso. Palibe amene amafuna kuwononga ndalama zake pa nyumba imene mawa khoti likhoza kupereka kwa mbale wake.

Ntchito zimene nyumbazi zimalandira pambuyo pake n'zosiyanasiyana, ndipo iliyonse imasiya chipsera chake. Yofala kwambiri ndi kukhala nkhokwe. Amene wabwereka munda kuti alime soya, mtedza kapena chimanga amaunjika matumba m'chipinda chochezera, wogula mbewu napachika sikelo pa mtanda wa khonde. Makoswe ndi anankafumbwe amalowa, ndipo feteleza akakhalitsa pansi mchere wake umadya simenti ndi njerwa za m'munsi. Zina amazigawa chipinda chimodzichimodzi n'kubwereketsa aphunzitsi, alangizi kapena ophunzira odziphikira okha. Apa mbaula imayaka m'chipinda chogona, zimbudzi zam'nyumba zimatsekedwa poti mpope unafa kalekale, bafa nasanduka mosungira makala. Zina zasanduka sukulu za sekondale zoyendetsedwa ndi anthu wamba, ndipo mwa zonse imeneyi ndiyo imasunga bwino nyumba, chifukwa makolo olipira fizi salola ana awo kuphunzira modontha. Ena amaipidwa kuona nyumba yokongola ili ndi bolodi pakhoma la chipinda chodyera. Ine sindiona cholakwa. Ana akuphunzira masamu m'chipinda chimene agogo awo sankaloledwa kupondamo, ndipo denga likukonzedwa.

Imene yasowa ntchito iliyonse imaphwasuka mwa dongosolo lodziwika. Amayamba ndi mawaya, mipope ndi maloko. Kenaka zitseko ndi mafelemu a mazenera. Malata amatsatira, ndipo si nthawi zonse pamene amakhala akuba ochokera kutali: mlonda amene watha miyezi osalipidwa amawayang'ana ngati malipiro ake, paja fodya wako ndi amene ali pamphuno. Denga likachoka, zotsalazo zimachitika zokha. Nyumba zambiri za nthawi imeneyo anazimanga ndi njerwa zootcha koma zomatira dothi, simenti ili kunja kokha. Mvula ikalowa pamwamba pa khoma dothilo limasungunuka, chiswe chimamaliza mapaso, ndipo pakatha dzinja ziwiri kapena zitatu khoma limayamba kutsamira. Njerwa zake sizitayika. Mudzazipeza pa golosale ya pamphambano, pa khola la nkhumba, nthawi zina pa tchalitchi chatsopano.

Katchalitchi kamapulumuka chifukwa anthu ake sanachoke onse. Matenanti ambiri amene anabwera m'ma 1970 analibenso kobwerera: kwawo malo anagawidwa kale, ana awo anabadwira pa esiteti, makolo awo anaikidwa m'manda a pompo. Anakhazikika m'mphepete mwa esiteti, ena mkati mwenimweni, ena anapempha malo kwa anyakwawa oyandikana nawo. Lamulungu lililonse amakumanabe. Lata likang'ambika, mkulu wa mpingo kapena wapampando wa mphakati amalengeza, amayi a Chigwirizano amagulitsa zitumbuwa kapena kukagwira ganyu pamodzi, nthawi ya masika anthu amapereka chimanga ndi mtedza. Ndalama yake ndi yochepa koma imabwera chaka ndi chaka, zimene nyumba ya bwana ilibe.

Ndipo nyumba ya denga labwino pakati pa midzi imapeza ntchito zambiri. Mu 1994 boma litachotsa fizi ku pulayimale, chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni, ndipo matchalitchi ambiri akumudzi anasanduka makalasi. Njala ya 2002, imene inakantha Kasungu koopsa, inachititsa kuti malo ngati amenewa akhale olembera maina ndi ogawira chakudya. Lero m'mawa mumapezeka ana a mkombaphala, tsiku lina mlangizi wa zaumoyo wapachika sikelo ya ana pa mtengo wa pabwalo, madzulo amayi a banki m'khonde akuwerenga ndalama pa benchi, tsiku lina kalabu ya alimi ikukambirana ndi kampani ya fodya wa pa kontirakiti. Mpingo ukakula, amamanga tchalitchi chachikulu pambali, chakalecho nachisiyira Sande sukulu, kwaya, kapena kusungiramo chimanga cha masika.

Kusintha kumeneku kuli ndi malire ake. Kwa Akatolika, nyumba imene inadalitsidwa kukhala tchalitchi singangosandutsidwa chinthu china mwachisawawa. Lamulo la mpingo, Canon 1222, limapereka mphamvu imeneyo kwa episkopi, ndipo ntchito yatsopanoyo isakhale yonyazitsa. Ku CCAP nkhani yotere imadutsa ku bwalo la akulu a mpingo, ndipo ikakula imapita ku presbitere. N'chifukwa chake tchalitchi chakale chimatha kukhala kalasi kapena nkhokwe koma osati malo omwera mowa. Mikangano imabuka makamaka pa kanyumba kamene mipingo ingapo inkasinthana. Wina amati makolo athu ndiwo anaumba njerwa, wina amati malata anagula ndi athu. Ku Kasungu, kumene masinodi a Nkhoma ndi Livingstonia akhala akusemphana pa za malire, ngakhale anthu a CCAP okhaokha akhoza kufunsana kuti nyumbayi ndi ya mbali iti.

Chofooka chachikulu cha katchalitchi ndi dothi limene kakhalapo. Pa mapu a ku unduna wa za malo, malowo akadali mbali ya esiteti. Pansi pa lamulo la 1965, malo a makolo akaperekedwa pa lizi sankabwereranso kwa mfumu lizi ikatha, ankakhala a boma. Ndondomeko ya malo ya 2002 inafuna kukonza zimenezi, ndipo malamulo atsopano a 2016, amene anasinthidwanso mu 2022, anabweretsa makomiti a malo m'midzi ndi mwayi wolembetsa malo a makolo. Koma esiteti imene lizi yake ikadali yamoyo ikagulitsidwa, wogulayo amagula zonse za mkati mwa malire. Akhoza kukhala munthu womvetsa n'kusiya tchalitchi ndi njira yake, akhozanso kuzunguliza waya. Manda ndiwo amaopedwa ndi aliyense. M'maesiteti ambiri mudzaona kachitsamba ka mitengo yachilengedwe pakati pa munda wolimidwa mbali zonse, ndipo ngakhale woyendetsa thirakitala wouma mtima amakalambalala. Tchalitchi sichipatsidwa ulemu wofika pamenepo.

Ena amafunsa chifukwa chimene boma silitetezera nyumba zoterezi. Lamulo lilipo, la Monuments and Relics Act, ndipo nduna ikhoza kulengeza nyumba kukhala chipilala cha dziko. Zitsanzo za nyumba zakale zimene zinapeza moyo watsopano ziliponso. Mandala House ku Blantyre, ya 1882, muli malo odyera, ogulitsira zojambula ndi laibulale ya Society of Malawi. Stone House ku Livingstonia, imene munkakhala Dr Robert Laws, inasandutsidwa malo oonetsera zakale ndi ogona alendo. Koma Mandala ili pakati pa mzinda, ndipo Livingstonia alendo amaidziwa kale. Mlendo wofika ku Kasungu amapita ku Lifupa kukaona njovu, mwina n'kudzera ku Mtunthama kukaona Kamuzu Academy. Sangayende msewu wamatope kukagona m'nyumba ya manijala wa fodya ya m'ma 1970 yopanda madzi ndi magetsi. Kulengeza kokha sikugula lata ngakhale limodzi, ndipo nyumbazi ndi zambiri zofanana.

Ngati pali choyenera kusungidwa mwachangu, ine ndikanayamba ndi mabuku aja a m'sefa. Misasa ya matenanti inali ya udzu ndi mitengo, sinasiye chizindikiro. Utenanti unathetsedwa mwalamulo mu 2021, ndipo amene anaudziwa pachimake akukalamba. Maina awo, kwawo kumene anachokera, ngongole zawo ndi zimene anatsala nazo pakutha pa chaka zili m'mabuku amene chiswe chikudya kapena amene ogulitsa mandasi akukulungira malonda. Kaundula wa ubatizo ndi maukwati wa katchalitchi naye amasunga maina omwewo. Kumajambula khonde la bwana n'kuiwala mabukuwa ndi kusunga mbali imodzi yokha ya nkhani.

Kwa amene akufuna kulowetsa ana kapena odwala m'nyumba zoterezi pali zoyenera kuyang'ana asanasese n'komwe. Madenga ndi masiling'i ena a nthawi imeneyo ndi a asbestos, amene fumbi lake limawononga mapapo akaswedwa kapena kuchekedwa. Chipinda chimene munkasungidwa mankhwala a fodya, monga methyl bromide wofukizira nazale amene analetsedwa pambuyo pake, ndi ena ophera tizilombo, sichiyenera kukhala khitchini ya phala la ana, ndipo migolo yake yakale si yotungira madzi. Pokonza khoma la njerwa zofewa zomatira dothi, simenti yolimba kwambiri imatsekera chinyezi mkati n'kumatuka ndi nkhope ya njerwa, pamene pulasitala wosakaniza laimu amalola khoma kuuma. Ngalande yochotsa madzi m'mphepete mwa maziko imathandiza kuposa penti.

Mpingo umene ukufuna kukhazikika uyenera kukambirana ndi mwini lizi akadali moyo, kuti kachigawo ka tchalitchi, bwalo lake ndi njira yofikira pamenepo zidulidwe pa esiteti n'kulembedwa m'dzina la matrasti a mpingo. Zimafuna kalata ya mwini malo, umboni wa mafumu, woyeza malo wovomerezeka, ndi maulendo angapo a ku ofesi ya DC ndi ku Lilongwe. Ndalama zake zimatha kufanana ndi za malata a denga lonse, ndipo nkhaniyo ikafika pa msonkhano wa mpingo mu Okutobala, mitambo itayamba kusonkhana, ambiri amavotera malata.